Chipepeso pa Imfa ya Amayi a Maso, Katswiri wa Ubongo

Kwa mng'ono wawo wa malemu, akubanja, ndi onse okhudzidwa,

Ife a Bungwe la Akatswiri Ofufuza za Ubongo talandira modzidzimuka ndi mosweka mtima uthenga wa imfa ya mnzathu ndi mphunzitsi wathu, amene tonse tinkawatcha Amayi a Maso, omwe atisiya Lachiwiri m'mawa atadwala zaka zitatu.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa nyumba yathu yofufuzira, malemuwa anafufuza mbali ya ubongo ya kunkhongo, kumene uthenga wochokera m'maso umafikira n'kusanduka chithunzi. Anajambula mwatsatanetsatane momwe timagulu ta maselo timagawanirana ntchito, tina kuzindikira mizere, tina mitundu, tina chinthu choyenda. Sinali ntchito yotchukitsa munthu, ndipo ambirife tinkadutsa pakhomo pawo osagogoda. Komabe madokotala amene anaphunzira kwa iwo anamvetsa chifukwa chake mwana wobadwa ndi ng'ala ayenera kuchitidwa opaleshoni msanga, ubongo usanazolowere mdima, moti lero alipo ana amene akuwerenga pabolodi osadziwa n'komwe kuti mayiwa anakhalako.

Sitiroko itawagwira, inawononga mbali yomweyo imene ankaidziwa kuposa tonsefe, ndipo analeka kuona chilichonse cha kumanzere. Dokotala atabwera ndi chithunzi cha ubongo wawo, akusowa poyambira, iwo anachilandira n'kuloza ndi chala: "Musavutike, mwanangu. Maso ali bwinobwino, kwazima magetsi ndi kulikulu."

Pamaliro sitinganame. Mwezi woyamba tinkapita kukawazonda m'magulumagulu, kenako tinkangoimba foni, kenako tinangoti zii, tikumati ntchito yachuluka. Amene munatsala ndinu mng'ono wawo, amene munatseka shopu yanu yosokera n'kusamukira m'nyumba mwawo, n'kumakhala kudzanja lamanja kuti azikuonani, n'kumawatembenuzira mbale kuti asasiye chakudya cha mbali inayo. Nditafika dzulo munandipatsa mpando popanda mawu aliwonse oipa, ndipo munangoti: "Galimoto ikaima panja, achemwali ankati, 'Iwe, tasuzumira, mwina ndi akuntchito.' Ndinkasuzumira ndithu, ngakhale ndinkadziwa kuti si inu."

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lathu, ndikupepesa kawiri: chifukwa cha imfa yowawayi, ndiponso chifukwa cha kusabwera kwathu pamene kubwerako kukanawasangalatsa. Mulungu akulimbitseni mtima, inu ndi banja lonse, makamaka pa masiku amene anthu adzakhale atabalalika, nyumba itakukulirani. Sitikuumirizani kuti mutikhululukire msanga. Tikungopempha kuti Loweruka, posankha onyamula bokosi, mutilole nafenso tigwireko.

Ine wanu m'chisoni,
Wapampando wa Bungwe