Paipi Imawola Kumimba: Kutsanzikana ndi Bambo Mabrouk Guettaf

Kwa Mayi Messaouda Guettaf, ana, abale ndi anthu onse a ku Touggourt,

Lachiwiri kunacha ndi mphepo ya mchenga, ndipo dzuwa silinaoneke mpaka masana. M'mawa umenewo, ife a Bungwe la Oyang'anira Mapaipi a Mafuta m'chigawo chino tinalandira ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti Bambo Mabrouk Guettaf atisiya. Tonse ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, malemuwa anayenda m'mbali mwa paipi yakale yodutsa m'dambo la mchere, kufunafuna pamene dzimbiri likudya chitsulo lisanachiboole, ndipo m'zaka zonsezo ngakhale dontho la mafuta silinatayike m'gawo lawo. Ambirife tikafukula paipi tinkayeza pamwamba, pofika dzanja mosavuta. Iwo ankakumba mpaka kunsi n'kugona chagada m'dzenjemo, pakuti madzi amchere obwera pamodzi ndi mafuta amadikha pansi. "Paipi imawola kumimba," ankatero, "osati kumsana." Ife tinkawaseka: "Akulu, mwayamba kale kuyesa manda?" Iwo ankangoti, "Ndayesa, andikwana. Tandipatsani choyezera."

Mwezi watha, matenda atawagoneka, anandiitanitsa. Nkhawa yawo inali pa kilomita 61, pamene paipi imatsetsereka pafupi ndi chitsime chothirira kanjedza wa mabanja makumi anayi. Paipi ikanabooka pamenepo, chitsimecho chikanafa. Lipoti la makina oyeza paipi linati palibe vuto, ndipo ofesi inati tidzakumba chaka chamawa.

"Slimane, ukakumbe," anatero.

"Lipoti likuti pali bwino, akulu."

"Lipotilo linagonapo chagada?"

Ndinanyamula fosholo yawo. Anadziwa kuti ndavomera.

Lachinayi, maliro atatha, tinapita pa kilomita 61 anthu asanu ndi fosholo ya malemuwa. Pamwamba chitsulo chinali chokhuthala monga lipoti linanenera. Ndinagona chagada. Kunsi chinali chitapyapyala ngati chivindikiro cha chitini. Mafuta anatsekedwa tsiku lomwelo, mbali yowolayo yadulidwa, yatsopano yawotchereredwa, ndipo madzi a m'chitsime ndi oyera. Ndamwako.

Mayi, sindine wodziwa kutonthoza. Mkazi wanga atamwalira, amuna anu ankabwera Lachisanu lililonse pochokera ku mzikiti, n'kukhala nane kumwa tiyi osanena kanthu, mpaka chaka chinatha. Nyumba yanu tsopano ikhala chete, ndipo zimenezo sitingazisinthe. Koma mtima wathu uli m'malo, chifukwa anakhala bwino, anagwira ntchito yawo mokwanira, ndipo ngakhale yotsiriza anailondola ali pamphasa.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, amene akugwirabe ntchito ndi amene anapuma, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu ndi kwa onse amene imfayi yawakhudza. Mulungu awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda awo, ndipo inu akupatseni mphamvu ndi kupirira m'masiku akudzawa.

Dzenje la pa kilomita 61 ndalikwirira ndekha. Fosholo ndaitsuka, ndipo Lachisanu ndibwera nayo kunyumba.

Slimane Bouhafs
Wapampando