Misozi ya Namabotolo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Ababa. Nanga mwendo uja ukukuvutanibe? Ife kuno tilipo, mwana anadwala chifuwa koma wachira. Ntchito yosita zovala ikuyenda, msana wokha ndiwo ukudandaula.

Amayi, mtima wanga suli m'malo. Paja kutchalitchi kuno ndine ndimatsuka tikapu ta Mgonero, monga munkachitira inu ndi malemu agogo. Tsopano akulu ampingo andipatsa wothandizana naye, mayi wina amene ankagulitsa mowa pafupi ndi depoti. Mpaka lero anthu amamutcha Namabotolo. Wabatizidwa chaka chathachi, ndipo nyimbo sazidziwa, amangogwedeza milomo.

Loweruka tinali kuseri kwa tchalitchi ndi beseni lathu. Ine ndinkatsuka mothamanga, maganizo ali pa malaya a eni amene ndinasiya pachingwe. Mnzangayo wagwira kakapu kamodzi ngati dzira, misozi ikugwera m'thovu. Ndinamufunsa mwaukali ngati sopo wamulowa m'maso. Anati manja ake atsuka matambula a mowa zaka zambiri, ndiye sakumvetsa chimene Ambuye anamuonera kuti amuitane.

Ndinamuuza kuti kwathu ntchitoyi inayamba ndi agogo, ndipo njerwa za tchalitchi chathu anaumba ndi Ababa. Iye anangoti ndine wodala. Sankandinyoza ayi, ananenadi ndi mtima wonse, ndipo mpamene zinandiwawa kwambiri.

Ndikuchita nsanje, Amayi, sindikubisirani. Ndinakadandaula kwa abusa. Iwo anati chisomo si nsalu yosiyirana pachibale, Mulungu amapatsa amene wafuna. Ndinabwerako nditatupa. Nanga ife obadwira pabenchi yakutsogolo tigwire mtengo wanji? Lamulungu ndinkamuyang'ana Namabotolo cham'mbali akulandira kakapu kake ndi manja awiri. Ine chimene ndinaona n'choti kanga kanali kobenthuka pamlomo, basi.

Pempho langa ndi limodzi. Ndimadziwa mapempheredwe anu. Mukafika pa achimwene aja anasiya tchalitchi mumachonderera mpaka mawu kusasa, koma mukafika pa ine mumangothokoza n'kupitirira. Chonde lekani kungothokoza. Mundiike pamodzi ndi achimwene.

Mundiperekere moni kwa Ababa, azakhali ndi alamu anga. Achimwenewo muwauze kuti sindidzawalalatiranso.

Tsalani bwino.

Ine mzime wanu,
wotsuka tikapu