Mapazi a pa Sikelo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bambo adzuka bwanji ndi chiuno chija? Akumagonako, kapena kuzizira kwayamba kale kuwalowa m'mafupa? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Ndasankha kulemba pa pepala chifukwa pafoni mumafulumira kuseka, ine n'kuiwala zomwe ndimafuna kunena.

Kuntchito zinthu zili momwemo. Tikuyezabe madzi, mabotolo makumi anayi pa tsiku, n'kulemba zomwe tapeza. Uvuni wa m'nyumba yomwe ndikukhala ukupsereza mbali imodzi. Eni nyumba akuti akubwera ndi wokonza, ndipo akhala akubwera kwa miyezi iwiri tsopano. Ndimangotembenuza thireyi zinthu zikafika pakati. Masiketi onse akundikhwepa. Telala wa pakona, amene wandichepetsera anayi, anandifunsa ngati mwamuna wandithawa, poti iye akuti pakamwa pamanama koma siketi sinama. Ndinamuuza kuti ndikudya pamodzi ndi bambo anga omwe ali kutali. Anapitiriza kundiyeza m'chiuno, mapini ali kukamwa.

Mukukumbukira zomwe tinagwirizana miyezi isanu yapitayo, tsiku lomwe dokotala ananena kuti sangawagonetse bambo kuti awachite opaleshoni ya chiuno mpaka atatsika kuchoka pa makilogalamu 114 kufika pa 100. Ine ndinati ndizilemba zakudya za sabata yonse, inu muziphika. Ndinalonjezanso kuti chomwe bambo adye, inenso ndidya chomwecho kuno, kuti asamati tawasala. Ndipo Lamlungu lililonse m'mawa munkayenera kunditumizira chithunzi cha sikelo ija ili kukhitchini, bambo ataima pamwamba.

Mbali yanga ndinaisunga. Nsomba yowiritsa, nyemba zopanda mafuta ambiri, masamba theka la mbale, tiyi wopanda shuga. Tsiku langa lobadwa anzanga a kuntchito anagula keke, ine ndinaidula n'kugawira onse, osalawa ngakhale kanyenyeswa. Ndatsika makilogalamu asanu ndi anayi omwe palibe dokotala anandipempha. Manambala omwe munkatumiza ndinkawalemba pa pepala lomwe ndinamata pa firiji, n'kumalumikiza ndi mzere. Mzerewo unkatsika bwino, osathamanga, osaima, ndendende momwe mabuku amanenera kuti thupi la munthu limatsikira. Lamlungu lapitali unafika pa 99. Ndinaimba nyimbo ndekha m'khitchini.

Lolemba ndinaimba foni kuchipatala kuti nditsimikize tsiku la opaleshoni, poti nambala yanga ili pa fomu. Anamwino anandiuza kuti bambo anayezedwa Lachisanu ndipo ali ndi makilogalamu 117. Shuga wawonso wakwera. Dokotala wawachotsa pa mndandanda wa mwezi wamawa.

Achemwali, ndinakangana nawo anamwinowo. Ndinawauza kuti sikelo yawo yawonongeka, ndipo ine ndimagwira ntchito yoyeza, ndikudziwa zomwe ndikunena. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati anawayeza kawiri, pa masikelo awiri, ndipo bambo okha anachita nthabwala yoti mwina ndodo yawo ndi yomwe yanenepa. Ndinapepesa. Manyazi ake sanandichokebe.

Nditaika foni ndinatsegula zithunzi zonse khumi ndi zisanu ndi zinayi pa kompyuta ya kuntchito, n'kuzikulitsa chimodzichimodzi. Pa zisanu zoyambirira mapazi ndi a bambo. Palibe angawasokoneze, chifukwa chala chaching'ono cha kumanzere chinatsala pa makina ochekera matabwa ife tisanabadwe. Apo anatsikadi, kuchoka pa 114 kufika pa 110. Kuyambira chithunzi chachisanu ndi chimodzi mapazi avala sokosi. Ndinakufunsani nthawi imeneyo, inu munati pansi pakuzizira. Ndinakhulupirira, mpaka ndinawatumizira sokosi zina zaubweya.

Chithunzi cha khumi ndi chinayi munachijambula mutaima cham'mbali. Pa galasi la chitseko cha uvuni pakuoneka miyendo ya munthu amene waima pa sikelo, ndipo yavala ovolosi ya alamu ya kugalaja. Kumbuyo kwake kukuoneka mpando, ndodo yotsamira ku mpandowo, ndi phazi la bambo lili m'patapata. Pa tebulo pali masikono akuzizira. Ndinawerenga, alipo khumi ndi awiri.

Lachitatu ndinawaimbira bambo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ine, Kalembera wawo, ndisapse mtima, chifukwa palibe nambala yabodza yomwe ndinalandira. Anandifotokozera kuti sabata yachisanu itatha anakankha mbale n'kunena kuti zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu sanazikhalire kuti adzamalize ngati mbuzi. Alamu, poona kuti nsomba itayika, anasinthana nawo mbale. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka chinakhala chizolowezi. Lamlungu litafika, bambo anati amene wadya mankhwala ndiye akwere sikelo. Akuti alamu tsopano amakwera masitepe akuimba likhweru, ndipo anzawo kugalaja akuwafunsa komwe asiya mimba.

Ndiye mzere wanga wokongola uja unali woona. Chakudya chomwe ndinalemba chinagwira ntchito yake bwinobwino, koma m'thupi la munthu wina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuseka kutatha bambo ananena zinthu ziwiri ndi mawu otsika. Anati nyengo ya maungu ikafika inu n'kuphika keke ija ya mayi, fungo likadzaza m'nyumba, iwo amamva ngati mayi angotuluka kukanula zovala ndipo alowa posachedwa. Anatinso mnzawo amene ankapala naye matabwa anagonetsedwa kuti amuchite opaleshoni chaka chatha ndipo sanadzuke. Sananene kuti akuopa, inu mukuwadziwa. Anangoti munthu wa makilogalamu 117 palibe amamugoneka pa tebulo.

Zimenezo ndazimva, ndipo bambo sindikuwasungira kanthu. Ndi wodwala, ndipo ali ndi mantha. Alamu nawonso ndi munthu amene sangakanize mkulu ngakhale mpando womwe wakhalapo. Koma foni inali m'manja mwanu, achemwali. Kwa masabata khumi ndi anayi munayang'ana mapazi a amuna anu, n'kujambula, n'kulemba pansi pake kuti ndione momwe bambo akulimbikirira. Tsiku lina munaonjezera kuti mayi akanakhalapo akananyadira ine. Mawu amenewo ndinawawerenga kangapo.

Palinso nkhani ya keke. Ndinkadziwa kuti nyengo ya maungu idzakhala yovuta, choncho ndinayamba msanga kuyesa keke ya mayi yopepukirako. Ndinaiphika kakhumi ndi kamodzi mu uvuni wopsereza uno. Shuga ndinamudula theka, majarini ndinachepetsa n'kuikamo chambiko, ufa woyera ndinasakaniza ndi wa tirigu wosachotsa gaga, sinamoni ndinaonjezera. Zoyamba zinatuluka ngati njerwa, ndipo mlonda wa pageti pathu anandipempha mwaulemu kuti ndisiye kumupatsa. Ya khumi ndi chimodzi inatheka. Ndinakulemberani muyeso wake wonse. Munandiyankha kuti bambo anadya n'kupempha ina. Lachitatu nditawafunsa za keke imeneyo, anandifunsa kuti keke iti.

Sindikunena kuti ntchito yanu ndi yopepuka. Ine ndimalemba zakudya ndili kutali, inu ndi amene mumaona nkhope yawo mbale ikafika. Ine sindinamvepo akukankha mbale. Mukanandiuza sabata yachisanu ndi chimodzi kuti zakanika, ndikanakhumudwa tsiku limodzi, kenaka tikanasintha. Mwina ndinawachotsera zambiri nthawi imodzi, ndipo cholakwa chimenecho ndi changa. Za mantha a opaleshoni ndikanapempha dokotala kuti akhale nawo pansi awafotokozere. Zonsezi zinali ndi mankhwala ake. Koma munthu sangakonze chomwe akumuuza kuti chili bwino. Munandisunga ngati mwana amene amamupatsa chidole kuti akuluakulu adye mwamtendere.

Tsopano zinthu zili chonchi. Anamwino akuti dokotala awaonanso pakatha miyezi inayi. Fupa likupitirira kudyeka, ndipo akadzalephera ulendo umenewo, chotsatira ndi mpando wa matayala, kwa bambo amene sanalolepo munthu kuwamangira nsapato. Makilogalamu khumi ndi asanu ndi awiri pa miyezi inayi ndi ambiri, ndipo sindikulonjeza kuti tifika. Koma anamwinowo akuti dokotala akaona kutsika kwenikweni, ndiponso shuga atakhazikika, amatha kuganizanso.

Sindikuletsani kuphika. Nyumba ija isasiye kununkhira mayi. Mu envelopu muno ndaikamonso muyeso wa keke ija, pamodzi ndi zakudya za masabata awiri zomwe ndazifewetsa. Muli nyama kawiri pa sabata, ndi sikono imodzi Lamlungu, yomwe adye poyera, osati mobisa. Inenso ndipitiriza kudya zomwezo kuno, chifukwa lonjezo linali langa. Ndaikamonso pepala lija la pa firiji. Ndafufuta dzina la bambo n'kulembapo la alamu. Muwapatse, ndi lawo, analigwirira ntchito.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali munditumizire chithunzi cha sikelo monga kale. Nambala ikhale iliyonse. Ikakhala 117 ndilemba 117, ikakhala 120 ndilemba 120, ndipo simudzamva mawu oipa kuchokera kwa ine. Koma mapazi akhale opanda sokosi.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndawapeza. Moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti ndawayamikira, ngakhale sanali iwo amene ndinkawaphikira. Moni kwa ana onse. Bambo muwauze kuti Kalembera wawo wamata pepala latsopano pa firiji, ndipo sadzalembapo kanthu asanawerenge zala zisanu ndi zinayi.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Kalembera