Mafuwa Anu Atatu

Amayi, kodi zikuyenda bwanji kumeneko? Chifuwa chija chidakusiyani?

Kuno kwa Mbenje tilipo. Luwiza, mwana wanga womaliza uja, wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha Tereza, dzina lanu. Mapira a chaka chino adapsa ndi dzuwa asanakhwime, ndipo ku dimba madzi adabwera molawirira n'kutenga chimanga. Mbuzi zatsala zinayi. Mukudziwa kuti sindingalembe kalata osawerengamo kanthu. Munkandiseka kuti, "Iwe Agnesi, udzakwatiwa ndi masamu."

Koma chimene ndalembera ndi nkhani ya mafuwa anu.

Kudabwera anthu a bungwe lina, otumidwa ndi kampani yaikulu ya kunja yopanga mankhwala. Chizindikiro cha pa galimoto yawo ndidachidziwa: ndi chomwe chinali pa kamankhwala kanu ka mphumu kopopera m'kamwa kaja. Adatifotokozera kuti mafakitale awo, ndege ndi magalimoto onyamula mankhwala zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko, umene ukusokoneza mvula. Kampaniyo idalonjeza kuti pofika chaka chimene idadziikira idzakhala itachepetsa mpweyawo, ndipo wotsala idzaubweza pochepetsa utsi kwina. Kwinako ndi kuno. Adatigawira mbaula zadothi zodya nkhuni zochepa. Utsi umene ife sitifukiza, iwo amauchotsera pa wawo.

Ndi samu yochotsera yomwe ndidaphunzitsa ana a sitandade 3 mpaka kupuma pantchito, choncho sidandivute. Ndidangofunsa ngati madzi a Shire adzasiya kutilowera m'nyumba, pamene utsi wawo ukufukabe kwawoko. Mtsikana amene ankatsogolera adayankha moona kuti sakudziwa. Ndidamulemekeza chifukwa cha yankho limenelo.

Adalonjezanso furiji yoyendera dzuwa ku kachipatala kathu, kuti katemera azisungidwa pomwepo, azimayi asamayende mtunda wonse uja ndi makanda padzuwa. Koma furijiyo imayenera kubwera pokhapokha oyendera atapeza kuti nyumba zonse za m'gulu lathu zasiya kuphika pamafuwa. Atabwera koyamba adapeza nyumba imodzi yokha phulusa likadali lofunda pakati pa miyala. Inali yanga.

Mbaula ndidalandira, ndipo ndi yabwino, sindinama. Koma m'mawa uliwonse ndinkasonkha kamoto pamafuwa anu, kongowiritsira madzi a tiyi. Ndi miyala ija mudabwera nayo pa bwato kuchokera kwanu kwa Makhuwira pokwatiwa, poti kuno ku dambo mwala ndi wosowa ndipo anzanu ankaphikira pa zibuma za chulu. Munkati, "Zonse m'nyumba muno ndi za bambo ako, koma awa ndi anga." Madzi osefukira atagwetsa khitchini, tidakumba m'matope ndi manja mpaka onse atatu adapezeka.

Luwiza sadandikalipire, ngakhale azimayi anzake ankamunena kumjigo chifukwa cha ine. Adangobwera ndi Tereza kumbuyo n'kukhala pakhomo la khitchini. Utsi utawafika, kamwana kadayamba kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ndidakudziwa, Amayi. Zaka zonse zija ndinkawerenga mapiritsi anu ndi kuti mwapopera kangati, koma tonse tinkati chokutsekani chifuwa ndi fumbi la thonje. Utsi wa pamafuwa sitidauganizire. Mbaula yadothi wamba, youmbidwa ndi azimayi ngati ife, ikadabwera mukadali moyo, mwina mukadamunyamula Tereza. Zimenezi zimandipweteka. Utsi umene udalowa mwa inu palibe kampani imene ingauchotsere pena paliponse.

Kutaya mafuwawo sindikadatha. Ena adati ndiwabise m'nkhokwe mpaka oyendera adutse, kenako ndiwabwezere. Ine masamu abodza sindidaphunzitsepo mwana aliyense, ndipo sindikadayamba ndi imvi.

Ndiye ndidapita kwa akuluakulu osunga manda. Mwina mukudziwa kale kuti madzi omwe adagwetsa khitchini aja adakokololanso mtanda wanu, mtumbira n'kuphwa, moti tinkangoloza ndi chala kuti ndi chapomwepa. Ndidawapempha, ndipo adatilola kulowa. Luwiza adasenza mwala umodzi, ine wina. Wachitatu, wobenthuka pakona uja, tidachita kuubwerera. Tidaiika kumutu kwanu monga momwe inkakhalira m'khitchini, wobenthukawo cha kumanzere, kumene munkakankhira nkhuni. Ngati ndidalakwa kuichotsa pakhomo, mundikhululukire. Ndidaona kuti yabwerera kwa mwini wake.

Oyendera adabweranso, ndipo gulu lathu lonse lawerengedwa. Furiji sinafike, akuti ili m'njira. Ngati kampaniyo idzakwaniritsa lonjezo lake pa chaka chake chija, ine sindidzakhalapo kuti ndionkhetse. Mwina Tereza adzaona.

Tiyi wa pambaula amapsa msanga, ndipo maso sandiyabwanso. Koma pansi m'khitchini mwatsala timaenje titatu pamene padali miyala. Luwiza akufuna kuzira kuti pasalale. Ndamuuza kuti adikire kaye.

Furiji ikangofika ndidzamutenga ndekha Tereza kukabayitsa katemera. Ndipo mvula ikatha, madzi akaphwa, ndidzapemphanso chilolezo ndibwere kudzalambula pamene mwagonapo. Ndidzayamba ndi kuwerenga miyala. Ikapezeka iwiri, ndidzakumbanso ndi manja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi