Matayala Anayi Pansonga ya Chitenje

Lachinayi. Tsiku lachisanu ndi chinayi osatuluka pakhomo. Kwatentha, mphepo ya ku Nkhamanga yangobweretsa fumbi.

Mwambo sukundilola kufika ngakhale pa Bolero mpaka achibale atagawana katundu wa malemu amuna anga Loweruka. Mabuku akundikanika. Ndiye ndatsegula bokosi la kagalimoto kapulasitiki ka mpikisano kamene ankalumikiza asanagonekedwe m'chipatala. Anali atapenta mbali imodzi yokha. Ndapenta inayo, koma kufiira kwake kwasiyana pang'ono.

Alamu anga a NyaGondwe, amene akugona kuno chiikire maliro, andipeza kaburashi kali m'manja.

"Kakongola chomene, mlamu! Malizani msanga, achimwene a ku Mzuzu akakaike pamwamba pa TV."

Sananene mwankhanza ayi. Ndangothokoza kuti yewo.

Atatuluka ndaonanso pepala la malangizo. Kwatsala kumata matayala anayi basi, ntchito yosafika ola. Koma galimoto yopanda matayala palibe amene angaifune. Ndatseka guluu, matayalawo ndawamanga pansonga ya chitenje changa chakuda.

Akafunsa mawa ndidzati anasowa kale. Zaka zonsezi sindinawanamizepo alamu, ndipo sindikudziwa ngati nkhope yanga idzatha kubisa bodzali.