Mpando Wakumbuyo wa Mayi Busa

Lolemba, 9 Ogasiti 1993

Zatheka! Loweruka tikupita ku Moatize, ine ndi Belmira. Amalume ake, a Adelino, amene anabwerera kwawo nkhondo itangotha, atumiza mawu: Mmalawiyo ngati ndi munthu adzaonekere mwezi uno usanathe, apo ayi mwana wathu akwere basi ya obwerera kwawo. Ndiye ndikukaonekera! Ndaseka ndekha pabolodi, ana a Fomu 3 n'kumayang'anana.

Vuto ndi Mayi Busa, galimoto yanga ya Pijo. Dzinali anaipatsa ana asukulu poti imatuluka Lamulungu lokha, ndipo imayenda mwaulemu. Ku Blantyre inapitako kamodzi. Pobwera inachita kukokedwa.

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Kwa Timoti makanika, pansi pa mango kuseri kwa msika. Watsegula boneti n'kupukusa mutu ngati wafika pasiwa. Kenako: "Aphunzitsi, ku Tete kumatentha. Iyiyi ikatiphikira tiyi pa Zobue pomwepa."

Tatsuka ladiyeta, mwatuluka dothi loti munthu n'kudzalamo chinangwa. Mapulagi atsopano, fanibeluti, mabuleki. Matayala ndi a mitundu inayi, lililonse likukokera kwake. Matipate anayambira pa galimoto yanga, dziko langotsatira.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Masipeya awiri, jeke, zigubu za madzi, zigubu za petulo, matumba a manachesi okapereka kuchipongozi. Buti yakana kutseka. Pamenepo nzeru za ku yunivesite zagwira ntchito: tili awiri, mpando wakumbuyo ngwa chiyani? Tauzula. Ndamupatsa Timoti, wausenza pamutu kupita nawo kwawo.

Kuyesa mpaka pamalire. Yauluka! Osintha ndalama andithamangira, ati bwana. Dalaivala wina wa thiraki: "Uko mukafuna kutaya madzi, tayirani pamsewu wa tala pomwepo. Kutchire mabomba sanamve kuti nkhondo inatha." Ndalemba pachikhatho.

Ndaimba nyimbo njira yonse. Hutala nayo ikulira, ngakhale mawu ake ndi a mbuzi.

Lachinayi, 12 Ogasiti

B. wabwera kudzaona ntchito yanga. Wasuzumira kumbuyo, waseka mpaka kugwira chitseko.

"Nanga akakuyankhulirani ndani? Matayalawa?"

Nkhoswe! Ine kukonzekera minga, kutentha ndi mabomba, osakumbuka kuti mwamuna sakaonekera yekha ngati wogulitsa sopo.

Masana tathamangira kwa Kanduku, kwa amalume anga a Petro. B. wagwada, wapereka moni. Iwo ayankha akuyang'ana mbuzi zawo. Anditengera pambali, koma mawu awo alibe pambali: "Ndikafere ku Mozambiki chifukwa cha wothawa nkhondo? Akazi atha ku Mwanza kuno?" B. wamva zonse. Ndawauza kuti tinyamuka Loweruka m'mawa. Ati amva.

Pobwerera sindinaimbe.

Lachisanu, 13 Ogasiti

Ndakatenga mpando basi, kaya. Ndaupeza pakhonde pa Timoti, nkhuku itaikirapo kale dzira. Akazi ake, a Malita: "Aphunzitsi, kupatsa Lachitatu, kulanda Lachisanu? Ngakhale boma limadikirako." Ndawasiyira manachesi ndi dziralo.

Taubwezera. Sipeya mmodzi wakwera pakaliya, zigubu pakati pa miyendo ya amene adzakhale kumbuyoko. Ngati alipo.

B. wabweretsa katundu wake. Ndimayembekeza kachikwama ka masiku awiri. Wabweretsa sutikesi, mapoto, ndi bulangete lija analandira kukampu. "Mukakafika nokha, opanda nkhoswe, amalume sakandilola kubwerera. Ndiye ndisasiye kanthu." Wanena akumwetulira. Ine ndapukuta galasi lomwe ndinali nditapukuta kale.

Loweruka, 14 Ogasiti

Injini ikulira, B. waima pambali ndi sutikesi yake, ine ndikunamizira kuyeza oyilo kachitatu. Kenako belu la njinga.

Amalume! Suti ya kutchalitchi, buluku atalimanga ndi luzi m'miyendo, fumbi mpaka m'nsidze. Sanapereke moni. Azungulira Mayi Busa, amenya tayala lililonse ndi nsapato. "Njinga yanga mangani pamwamba. Chikafa chinthuchi ine ndibwerera ndekha."

Tamanga. Atsegula chitseko chakutsogolo, ine n'kumati akhala kutsogoloko iwo eni. Atembenukira kwa B.

"Apongozi, lowani. Njira mukuidziwa ndinu. Mwanayu angatikwereke pabomba."

Apongozi! B. wangogwira pakamwa. Iwo adzipinda kumbuyo, maondo pazigubu, akudandaula kuti pakununkha nkhuku.

Ndikulemba izi pachiwongolero, tili pamzere pamalire, mathiraki kutsogolo ndi kumbuyo. Singano ya kutentha ili pakati, yaulemu. Kumbuyoku amalume afunsa B. mmene amaperekera moni kwawo, ndipo akuyeserera chapansipansi, ati ine ndisamve: bondiya, bondiya, bondiya a Adelino.

Mzere wayamba kuyenda.