Telala wa m'Filimu Yako

Mlongo wanga, mzime wa amayi,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi kamwana kanu kamene timangokaonera pa zithunzi. Kuno tikudzuka. Alamu ako msana wawayambanso, koma kuntchito akupita. Mwana wanga, uja ankanyadira kuti malume ake amapanga mafilimu, thupi lili bwino.

Moni wathera pamenepa. Tsopano khala pansi.

Filimu yako ndaionera. Sunanditumizire ndiwe ayi. Ndinaionera pa foni ya kasitomala amene anabwera kudzayesa diresi. Ndinali nditagwada, mapini ali kukamwa, ndikupinda m'munsi mwa diresilo, iye n'kundifunsa ngati ndine amene ndinkatsekera amayi anga m'chipinda ngati mbuzi. Ndinayesa makutu andinamiza. Anandiyatsira foniyo ine ndili chigwadire.

Chipinda chimodzi, anthu atatu: mayi wokalamba amene mutu unasokonekera, mwana wake wamkazi, ndi namwino wobwera mwa apo ndi apo. Pakona pali makina osokera. Mwana wamkaziyo wakoleka tepi yoyezera m'khosi monga ndimachitira ine. Ngakhale kakutsokomola kanga ndisanayankhule unamuphunzitsa mtsikana wosewerayo. Dzina langa sunalembe, koma linkafunikanso? Msewu wathu wonse wandizindikira.

Nditakuimbira unandiyankha ngati mphunzitsi m'kalasi. Unati filimu ya anthu osauka imalembedwa diso lili m'thumba. Unati wosewera aliyense wowonjezera ndi pakamwa pofuna kudya, ndipo malo alionse atsopano ndi galimoto yonyamula kamera ndi magetsi. N'chifukwa chake, unatero, alongo ako awirife unatiumba kukhala munthu mmodzi. Unatinso olemba onse amachita choncho, ndisamatenge sewero ngati uthenga wa pa wailesi.

Chabwino, wolemba wamkulu. Tiye tione mmene unaumbira.

Amene anakalipira amayi kuti afe msanga anthu apume ndi mng'ono wanga uja wa ku saluni, tsiku limene anamutayira tiyi pa wigi. Amene anatuta madiresi awo abwino iwo akadali moyo ndi yemweyo. Iwe ukudziwa, poti ndinakuuza ndikulira. Koma pakamwa pake ndi manja ake wazipereka kwa munthu wokhala pa makina osokera. Bwanji sunaike choumitsira tsitsi pakonapo? Unandiyankha wekha, ukuseka, kuti makinawo neba wako anakubwereka ulere. Ndiye ine mbiri yanga yagwera m'matope chifukwa makina anali aulere.

Sukulu ija ndinkaisokera mayunifolomu yapereka ntchito kwa wina. Aphunzitsi aakulu sanandiyang'ane n'kumaso komwe, anangoti makolo akuyankhulayankhula. Mwana wanga anabwera osadya, anzake akumufunsa ngati iyenso adzandikhomera ndikakalamba. Masiku ano akamandipatsira madzi amayang'ana pansi. Wa ku saluniyo ali phee, akuluka anthu tsitsi uku akuwaonetsa filimu, ati mlongo wake ndi waluso.

Koma pali chimodzi chimene sunaname, ndipo n'chimene chikundiwawa kuposa mabodza onsewo. Loko wa pachitseko cha amayi uja. Ndinkawakhomeradi.

Sindinauzepo munthu, ngakhale alamu ako. Zinayamba tsiku limene ndinawapeza pakati pa msewu waukulu, opanda nsapato, akuimitsa malole n'kumafunsa madalaivala ngati aona kamwana kawo kakuchokera ku sukulu. Kamwanako ndiwe, bambo wandevu zako. Dalaivala wina anatsika n'kundilalatira kuti ndikufuna kumuphetsa munthu. Kuyambira pamenepo, ndikamapita kukagula ulusi kapena kukapereka zovala, ndinkawaikira madzi akumwa ndi chidebe, n'kukhoma.

Tsiku lina ndinachedwa pa mzere kogula mankhwala awo. Ndinawapeza zala zili magazi okhaokha, atakanda chitseko mpaka penti kusupuka. Ndinawasambitsa, ndinawamanga zalazo ndi tizidutswa ta nsalu, iwo akundifunsa kuti ndine yani ndipo alakwanji kuti ndiwaike m'ndende.

Ndikudziwa kuti za lokoyo amayi anakuuza okha pa foni, tsiku lina mutu utayera pang'ono. Sunandifunse kuti achemwali, zafika pamenepa? Sunati dikirani ndibwere ndidzakulandireni sabata imodzi. Unangoisunga nkhaniyo ngati munthu watola ndalama panjira.

Kusambitsako m'filimu mulibe. Unati madzi amavuta kujambula, amaononga zipangizo. Zaka zinayi zochapa zofunda m'mawa uliwonse, kuwadyetsa ndi sipuni iwo akundilavulira, kusoka ndi dzanja limodzi lina litawagwira mkono, zonsezo zinakudulira.

Palinso munthu wina amene m'filimumo mulibe: mwana wamwamuna. Nditakufunsa unati wosewera wachinayi sakanatheka. Zoona? Mwana amene zaka zinayi sanaponde pakhomo, n'kudzatulukira tsiku la maliro kamera ili paphewa, anthu akulira iye akujambula makoma ndi zitseko, ameneyo ndiye anakudulira? Ukanasewera wekha, ulere.

Tsopano wanditumizira uthenga woti filimu anthu aikonda, ukufuna kupanga yachiwiri. Ukupempha kudzajambulira m'nyumba ya amayi yeniyeniyo, poti kubwereka nyumba n'kodula, masiku asanu okha. Wafunsanso ngati chitseko chokandika chija chikadalipo, ndipo wati ndisachikhudze chifukwa pa kamera chidzaoneka bwino.

Ndinawerenga kawiri kuti mwina maso akalamba. Magazi a mayi ako adzaoneka bwino.

Yankho langa ndi ayi. Chitsekocho ndachipala Loweruka n'kuchipaka penti kawiri. Ukabwera ndi anthu ako ndi nyali zawo mudzathera pageti, ndipo usadzayese kutuma wa ku saluni kudzandinyengerera.

Sindikukupempha kuti uichotse filimuyo. Madzi akatayika saoleka, ili kale m'mafoni a anthu. Makasitomala ndidzapeza ena, manja ndili nawo. Chimene ndikufuna n'chimodzi. Bwera wekha, chimanjamanja, ukhale pansi ndi mwana wanga, umuuze ndi pakamwa pako zimene unachotsa ndi zimene unandisenzetsa. Ine ndikamuuza akuona ngati ndikudziikira kumbuyo. Amakhulupirira iwe, poti zako zimaoneka pa sikirini. Za loko ndidzamuuza ndekha, iwe uli pompo.

Ukapanda kubwera, usadzandiitanenso kuti achemwali.

Ndipo ngati ukusakabe nkhani yosadula, nayi ndakupatsa. Chipinda chimodzi, munthu mmodzi. Foni ikulira patebulo, iye akuiyang'ana mpaka yasiya. Ikuliranso, akuitembenuza chafufumimba. Mbali ya woimba foniyo usavutike kuijambula, ndinaiona ine: mayi atavala diresi la kutchalitchi, atapesa tsitsi, akudikira kumva mawu a mzime wawo.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi kamwanako, iwo sanandilakwire. Mulungu akusunge, akupatse moyo wautali, ndipo ukadzakalamba akupatse mwana wodziwa kugwira beseni.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndinawatseka maso amayi.